Mfuti ya amalume itakana kulira

Amalume anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa, ndili pakati pomasulira kabuku ka malangizo a mankhwala a shuga. Sanayambe ndi nkhani yomwe anaimbira. Anafunsa za amayi ku Ntcheu, za mvula ya ku Johannesburg, za chifuwa chomwe chinandisautsa mwezi wathawo, ndipo zonsezo zitatha ndi pomwe anati: "Mwanawe, ija yakana kulira."

Sindinafunse kuti iti. Kwa chaka chathunthu, pabanja pathu "ija" inali imodzi yokha.

Amalume anabwera ku Joni mu 1978 kudzera ku TEBA, patangopita chaka chimodzi Amalawi atayambanso kuloledwa kupita ku migodi. Njirayo inali itatsekedwa mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha anthu opitirira 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Anagwira ntchito pansi pa nthaka, mu gulu loboola ndi kuphulitsa miyala. Pamene kulemba Amalawi kunathetsedwa mu 1988, anzawo anabwerera kumudzi ndi mabulangete ndi mawailesi, iwo n'kutsala, chifukwa anali atakwatira kale mayi wa Chipedi. Mu 1996 anapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale. Lero ali pa kamunda kawo ku Limpopo, ndi mbuzi, nkhuku ndi mitengo ingapo ya mango. Nkhandwe zimawadyera ana a mbuzi, koma zimenezo anazizolowera. Chimene sanachizolowere ndi usiku womwe anthu anadula waya wa khola n'kutenga mbuzi zisanu ndi imodzi, kenako n'kubwera kudzagogoda pawindo la kuchipinda, ngati akufuna kuti eni nyumba adziwe kuti akanatha kulowa.

Ndiye anaganiza zogula mfuti, ndipo ine, mwana wa mlongo wawo amene anaphunzira kumasulira mpaka digiri yachiwiri, ndinasankhidwa kukhala pakamwa pawo.

Ku South Africa mfuti sigulidwa ngati khasu. Lamulo la Firearms Control Act la mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito lonse pa 1 July 2004, limafuna kuti munthu ayambe waphunzira lamulolo ndi kagwiridwe ka mtundu wa mfuti yomwe akufuna, alembe mayeso, kenako apemphe ku polisi satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera, pa fomu yotchedwa SAPS 517. Ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposa, nzika kapena wokhala ndi chilolezo chonga cha amalume. Laisensi ya mfutiyo imapemphedwa payokha, pa fomu ya SAPS 271, ndipo imalembedwa pa mfuti imodzi, ndi nambala yake yodindidwa pachitsulo. Kunyumba kuyenera kukhala sefa yomangiriridwa kukhoma kapena pansi. Ndipo nthawi yonse yomwe munthu akudikira yankho, mfuti yomwe walipira kale imakhala m'sitolo momwe anaigula.

Tsiku logula, wogulitsa anali munthu wabwino kwambiri. Ndikunena izi mosanyoza. Anali mnyamata wamsinkhu wanga, wodziwa katundu wake, ndipo anatitengera ola lathunthu. Anafotokoza kuti nambala 12 yomwe imalembedwa pa mfuti zamtunduwu siyeza kukula mmene tingaganizire: ikutanthauza kuti ukaumba mipira 12 ya mtovu, uliwonse wokwana ndendende m'kamwa mwa mpope, yonse pamodzi ilemera paundi imodzi. Choncho nambala ikamakwera, mpope umachepa. Anasonyeza kuti chipolopolo chake ndi kachubu kodzaza njere za mtovu zomwe zimamwazika zikatuluka, osati kanthu kamodzi ngati ka mfuti ya asilikali. Anachenjeza kuti m'mfuti yolandira chipolopolo cha mamilimita 70 musamaikidwe cha 76, ngakhale chitalowa. Amalume anasankha ya mpope umodzi, yothyola pakati poika chipolopolo, yokhala ndi kachitsulo kokokera kumbuyo ndi chala chachikulu. Mtengo wake unali wa mbuzi zinayi.

Chimodzi chokha ndinachiona: mnyamatayo sanawayang'anepo amalume. Amalankhula ndi ine, ndipo atazindikira kuti ine mfuti sindiidziwa, anayamba kulankhula ndi mpata womwe unali pakati pa ife awiri. Omasulira tonse timaudziwa mpata umenewu. M'zipatala ndi m'makhoti timaphunzitsidwa kuima chakumbuyo pang'ono kuti dokotala akakamizike kuyang'ana wodwala. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo, koma ndinangogunda shelefu ya nsapato zosakira nyama.

Amalume anafunsa funso limodzi: "Nanga ikadzadwala, mumaichiritsa?" Mnyamata uja anaseka n'kunena kuti angoibweretsa, palibe vuto.

Miyezi yotsatira inali ya mapepala. Kabuku kokonzekera mayeso kanali m'Chingerezi, ndipo ndinakamasulira madzulo aliwonse, ndime ndi ndime, n'kumatumiza mawu pa WhatsApp. Apa ndi pomwe digiri yanga inayamba kuchepa. Chichewa chili ndi mfuti, onga, chipolopolo, ndi gogodela ya agogo athu yomwe ankathira onga kukamwa n'kusinja ndi ndodo. Koma tizitsulo ta m'kati sindinatipezere mayina omwe ndikanawakhulupirira, ndipo ndinkalemba ziganizo zazitali ngati msewu wa ku Mwanza. Amalume ndiwo anandipulumutsa. Kachitsulo kokokera kumbuyo kaja anakatcha tambala, chifukwa kamaweramira kumbuyo kenako n'kujompha. Kamene kamajomphedwa ndi tambalayo n'kutuluka kukamenya chipolopolo anakatcha kamsomali. Ndipo kadontho kozungulira ka pakati pa thako la chipolopolo, komwe moto umayambira, anakatcha mchombo. Tambala amenya kamsomali, kamsomali kamenya mchombo, mchombo uyatsa onga. Mayeso anakalemba okha, ndi Chingerezi chawo cha kumgodi, n'kukhoza.

Kalata yofotokoza chifukwa chofunira mfuti ndinalemba ndine. Nditawafunsa kuti ndilembe chiyani, anati: "Ulembe kuti ndikufuna kugona." Ndinatambasula mawu amenewo mpaka masamba awiri, ndi mtunda wa kupolisi, ndi nambala ya mlandu wa mbuzi zija. Tinapempha pansi pa gawo 13 la lamulo, la kudziteteza, lomwe laisensi yake imakhala zaka zisanu. Apolisi anabwera kudzaona sefa, anacheza ndi azakhali paokha kuti amve ngati mwamuna wawo ndi waukali kapena chidakwa. Kuchokera tsiku lolipira kufika tsiku lomwe amalume anatuluka nayo m'sitolo panapita miyezi khumi ndi umodzi.

Ndipo pa sabata yoyamba, ija inakana kulira.

Anaiyesa kumapeto kwa munda, akuloza chulu. Pa bokosi la zipolopolo 25, zisanu ndi ziwiri sizinaphulike. Tambala amagwa, pamamveka ka "thi", basi. Kabuku kaja kamati zikatero munthu adikire masekondi 30 mfuti italoza komweko, chifukwa nthawi zina moto umachedwa. Amalume ankadikira mphindi zisanu. Kumgodi, anandiuza, dzenje lomwe lakana kuphulika ndi lomwe limapha anthu, ndipo palibe amene ankaliyandikira nthawi yoikika isanakwane, ngakhale kapitawo atakalipa chotani.

Loweruka ndinakwera basi kupita ku Limpopo. Amalume sanafune kukwera minibasi atanyamula mfuti, ngakhale ili m'chikwama ndipo laisensi ili m'thumba, choncho tinalipira mafuta a galimoto ya mnansi. M'sitolo tinapeza mnyamata yemwe uja. Amalume anavula chipewa n'kunena, mawu ake ndikuwakumbukira bwino: "Pepani bambo, tabweranso. Kamfuti kaja kakuoneka ngati sikali bwino kwenikweni. Mwina mungationereko."

Ine ndinamasulira chimodzimodzi. Ndinati akupepesa, akuti ikuoneka ngati siili bwino kwenikweni, mwina mungaione.

Mchewa aliyense akamva mawu a amalume aja adziwa kuti munthuyu sakukayika chilichonse. "Pepani" wathu si kuvomera kulakwa. "Mwina" wa munthu wamkulu polankhula ndi mwini malo ndi mpando womwe amamupatsa mnzake kuti akhalepo asanamuuze kuti wamugulitsa chinthu chowonongeka. "Kamfuti" sikutanthauza kuti vuto ndi laling'ono. Zonsezi ndimazidziwa. Ndinalembapo mutu wathunthu za zimenezi pa maphunziro anga. Koma m'Chingerezi cha pakauntala mawu omwewo anatuluka ngati a nkhalamba yomwe sikudziwa chomwe yachita. Mnyamata uja analemba pa kakhadi kuti kasitomala sakutsimikiza za vutolo. Anathyola mfuti, anasuzumira mu mpope, anakoka tambala kawiri, n'kunena kuti palibe cholakwika. Mwina ndi zipolopolo zotchipa. Mwinanso madala sakukoka tambala mpaka kumapeto. Anatigulitsa bokosi lina, lodula kuposa loyamba.

Mawu akuti madala sakukoka mpaka kumapeto ndinawamasulira kuti "akuti muziyesa kukoka bwinobwino." Amalume anandiyang'ana pang'ono, osayankha. Chingerezi amachimva kuposa mmene amachilankhulira.

Pa bokosi lodulalo, zisanu zinakana.

Kenako inayamba nyengo ya mafoni, yomwe aliyense amene anagulapo firiji kapena foni yowonongeka akuidziwa, ndipo sindiitalikitsa. Woona zimenezo watuluka. Abweranso Lolemba. Tumizani imelo. Imelo sinafike. Nditamupeza mwini sitolo, anandiuza mwaulemu kuti chitsimikizo cha kampani yopanga ndi cha chaka chimodzi kuchokera tsiku la pa lisiti, ndipo chakacho chinali chitangotha. Mfuti yomwe inakhala miyezi khumi ndi umodzi m'sefa yawo, yomwe amalume anali ataigwira masabata asanu okha, inali itakalamba kale papepala. Akhoza kuikonza, anatero, koma tilipire.

Ntchito yanga ndi kuwerenga mapepala omwe anthu ena amatopa nawo, choncho ndinawerenga. Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la mu 2008, pa gawo 56, limati katundu akapezeka ndi chilema mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pomwe waperekedwa kwa wogula, wogulayo angathe kumubweza, ndipo ndi iye amene amasankha: akonzeredwe, apatsidwe wina, kapena abwezeredwe ndalama, zonsezo pa mtengo wa wogulitsa. Mawu ofunika ndi akuti "waperekedwa". Sakunena tsiku lolipira. Limanenanso kuti akakonza koma vutolo n'kubwereranso pasanathe miyezi itatu, wogulitsa ayenera kupereka katundu wina kapena ndalama.

Ndinawaimbira amalume ndili ndi chimwemwe cha mwana wasukulu amene wapeza yankho. Ndinati tikawauze atipatse ina yatsopano. Iwo anakhala chete, kenako anati: "Yatsopanoyo nambala yake ikhala yomweyi?"

Sindinaganizireko. Ketulo ikawonongeka umasiya pakauntala n'kutenga ina. Mfuti ina ndi nambala ina, nambala ina ndi SAPS 271 ina, kalata ina, kudikira kwina. Kubwezeredwa ndalama n'chimodzimodzi: ubwerera pomwe unayambira. Pa zisankho zitatu zomwe lamulo limodzi linawapatsa, lamulo linalo linawasiyira chimodzi chokha chomwe munthu wa zaka 65 wofuna kugona angachitenge. Ndipo ndikhulupirira kuti m'sitolo muja ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Kasitomala amene sangachoke safunika kumuthamangira.

Pano ndiyenera kuulula chinthu chomwe sindinawauze amalume nthawi imeneyo. Ine mfutiyo sindinkaifuna. Pa 20 July 2011 ndinali ku Lilongwe, mtsikana wapasukulu, nditagona pansi m'chipinda cha mnzanga tikumva kulira kwa mfuti kumsewu, ndipo pa masiku awiri amenewo anthu pafupifupi 20 anafa m'dziko lathu. Kuyambira pamenepo phokosolo thupi langa sililandira. Ndamasuliranso m'khoti nkhani za mfuti zomwe zinagulidwa chifukwa cha akuba koma zinathera pa munthu wa m'nyumba momwemo. Pamene amalume anati yakana kulira, penapake m'kati mwanga munapuma. Ndakhala ndikudzifunsa ngati "mwina" uja ndinamumasulira mofooka chifukwa cha kusasamala, kapena chifukwa mtima wanga unali kumbali ya mfuti yosalira. Womasulira amalumbira kuti alibe mbali. Tsiku lija ndinali nayo.

Ndinayesa kuwanyengerera mozungulira. Ndinati bwanji angolandira ndalama zawo agule agalu awiri. Anandiyankha kuti ndalamazo akhoza kulandira, ndipo akadakhala kuti mfutiyo siilira n'komwe akanaipachika ngati ndodo, chifukwa ndodo amadziwa chochita nayo. "Koma iyi imalira ikafuna. Ndikatuluka nayo usiku, wakubayo aona mfuti, ndipo achita zomwe munthu amachita akaona mfuti. Ine ndiye ndili ndi 'thi'." Anatinso chinthu chowonongeka sachibweza mwakachetechete kuti akachigulitse kwa wina.

Usiku woti mawa tibwerera kusitolo, ndinawapempha kuti ulendo uno asanene "pepani" kapena "mwina". Anakana. "Ine sindingalankhule ngati mwana wosaleredwa chifukwa choti ndili m'sitolo ya mzungu. Ulemuwo ndi wanga. Iwe ntchito yako ndi kuwauza zomwe ndikunena." Ndinati zomwe akunena ndi zomwe ndinawauza. Anati ayi, ndinawauza mawu.

M'mawa anatulutsa thireyi ya mazira. M'mabowo mwake anaikamo zipolopolo, mathako ali m'mwamba: mzere umodzi zomwe zinaphulika, mzere wina khumi ndi ziwiri zomwe zinakana, chilichonse ndi kapepala ka tsiku ndi bokosi lomwe chinachokera. Ngakhale ine ndinaona kusiyana. Pa zophulika, mchombo unali ndi dzenje looneka. Pa zokana panali kachizindikiro kosazama, ngati pomwe mwana wadina ndi chikhadabo pa sopo.

Anavulanso chipewa. Anayambanso ndi "Pepani bambo." Ine ndinaima chakumbuyo, ndipo m'Chingerezi ndinati: mfuti yomwe munandigulitsa ili ndi chilema, yakana kasanu ndi kawiri pa bokosi loyamba ndi kasanu pa lachiwiri lomwe munandisankhira nokha, umboni ndi uwu, ndinailandira masabata asanu ndi atatu apitawo, ndipo ndikufuna muikonze pa mtengo wanu monga gawo 56 likunenera. Ndinalankhula ngati ndine iwo, "ndi-" osati "akuti", monga tinaphunzitsidwira. Mawu anga ankanjenjemera, koma anatuluka onse.

Mnyamata uja anayang'ana thireyi, n'kupita kuseri. Anabwera ndi bambo wachikulire wovala epuloni yakuda ndi mafuta, mmisiri wokonza mfuti, yemwe pa maulendo onse aja sitinadziwe kuti alipo kuseri kwa chitseko. Bamboyo sanayang'ane ine kapena khadi lija. Anatola chipolopolo chimodzi cha mzere wokana, anachitembenuzira ku kuwala, anatola china cha mzere wophulika, kenako anayang'ana amalume n'kufunsa, m'Chifanakalo, kuti anagwira mgodi uti.

Chifanakalo amalume anachisiya pa geti la mgodi ndipo sindinawamvepo akuchilankhula. Amati ndi chilankhulo chomwe chili ndi mawu ambiri otumira munthu koma ochepa omufunsira mmene wadzukira. Ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Kenako anayankha. Zinapezeka kuti mmisiriyo anayambira ntchito yake ya zitsulo kumigodi ya golide, ndipo kwa mphindi khumi anthu awiriwo anakambirana za mchombo ndi kamsomali m'chilankhulo chomwe ine sindichidziwa, manja akuthandizira. Ndinangoima ndi chikwama changa. Sindikudziwa ngati ndinasangalala kapena ndinachita manyazi kuti chomwe chinatsegula chitseko chija ndi thireyi ya mazira ndi chilankhulo cha akapitawo, gawo 56 langa lili pambali. Mwina zonse zinathandizana. "Mwina" ameneyu ndi wokayika ndithu.

Mmisiri anamasula mfutiyo ife tikuona. Anayeza kutalika kwa nsonga ya kamsomali ikatuluka, n'kunena kuti pa mfuti zotere imafunika kutuluka pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo iyi sinkafika. M'kabowo momwe kamayenda munali kachibanthu ka chitsulo kotsala popanga, ndi girizi wa kufakitale yemwe anauma pa miyezi yonse ija ya m'sefa. Zipolopolo za mchombo wofewa zinkaphulika, zolimbirapo zinkakana. Dzanja la amalume linalibe mlandu. Anailemba m'kaundula wake, monga lamulo limafunira mfuti ikasiyidwa kwa mmisiri, anatipatsa chikalata, n'kunena kuti kamsomali katsopano kafika pakatha masabata atatu. Za malipiro palibe amene anazitchulanso.

Tikutuluka, mnyamata uja anandiitana n'kundiuza kuti pepani chifukwa cha zovuta zonsezi. Ndinamuuza kuti mwini mfuti ndi awo, ndipo Chingerezi amamva. Anatembenuka, anawayang'ana, n'kubwereza. Amalume anamuyankha m'Chichewa kuti zikomo mwanawe, zimachitika, ndipo anandiyang'ana kudikira kuti ndimasulire. Ndinamasulira "zikomo" ndi "zimachitika". "Mwanawe" ndinamusiya, chifukwa sindinapeze njira yomunenera m'Chingerezi yomwe sikanamveka ngati chipongwe.

Masabata atatu anakhala asanu. Ataitenga anawombera chulu chija bokosi lathunthu, ndipo zonse 25 zinalira. Anandiimbira kundiuza, ndipo ndinawapempha kuti asandimveretse pafoni. Mfuti ili m'sefa, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwawo. Azakhali anagula agalu awiri ndi ndalama zawo za mazira, osafunsa munthu. Pa kalendala ya kukhitchini amalume analemba kale chaka ndi mwezi womwe tiyenera kukapempha kuti laisensi iwonjezeredwe, masiku 90 isanathe, ndipo pambali pake analemba dzina langa.